Mabuku amene aphunzitsi anu akuti ndi "maphikidwe basi"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti mumafuna kulemba za mabuku a akazi a ku Britain a m'zaka za m'ma 1600, koma aphunzitsi anu akuti kumeneko kulibe chogwirika, ndi maphikidwe, mapemphero ndi za uzamba basi, ndiye mukufunsa ngati musinthe mutu. Musasinthe. Koma mundilole ndiyambire kwathu, chifukwa mawu akuti "maphikidwe basi" andigunda pachilonda.

Mayi anga anali ndi kope lakuda la chikuto cholimba, limene ankalisunga m'sutikesi pansi pa zitenje za kutchalitchi. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma pakhomo pathu ponse panali m'kope limenelo. Munali kaphikidwe ka chikondamoyo ndi muyezo wa soda, munali masiku amene thobwa lingagone lisanawawase. Munali tsiku lobadwa la mwana aliyense ndi dzina la mzamba amene anamulandira. Munali masamba amene ankatiwiritsira tikadwala chifuwa, ndipo pambali pake ankalembapo amene anawaphunzitsa. Ngongole za mchere ndi parafini zinali momwemo, pamodzi ndi mapemphero awiri amene anapeka okha chaka chimene bambo anagonekedwa m'chipatala. Sanalitchulepo buku. Ankati "kakope kanga".

Nditakula ndinagwira ntchito mu ofesi ina yoona za amayi ndi ana. Anandituma kuti ndikonze kabuku ka zakudya za ana oyamba kudya phala. Ndinayenda m'midzi miyezi isanu ndi itatu, kukhala pamphasa ndi amayi, kufunsa, kulawa, kulemba. Zina ndinazitenga m'kakope ka mayi anga, iwo ali moyo, ndipo anakondwa kwambiri moti anauza mpingo wonse kuti mwana wawo akulemba buku. Tsiku limene makatoni anafika kuchokera kosindikizira ndinatsegula ndekha, manja akunjenjemera. Pachikuto panali dzina la abwana athu. Langa linali mkati, pamzere wa anthu othokozedwa, pakati pa dalaivala ndi wojambula zithunzi. Nditalimba mtima n'kukafunsa, anandiyankha mofatsa ndithu kuti, "Amayi, awatu ndi maphikidwe basi, mukudandaula chiyani?" Ndinatuluka osayankha. Kabukuko sindinakawaonetse mayi anga mpaka anamwalira, ndipo zimenezi zimandipwetekabe kuposa dzina lija.

Zaka zambiri zitadutsa, ndili kuno ku Edinburgh, ndinakumana ndi mabuku a Hannah Woolley m'laibulale. Mayi ameneyu anayamba ndi kugwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera, kuphika ndi kusamalira odwala, kenaka anakwatiwa ndi mphunzitsi. Mu 1661 anasindikiza The Ladies Directory ndi ndalama zake, mu 1664 The Cook's Guide, mu 1670 The Queen-like Closet, limene linayenda malonda mpaka kumasuliridwa m'Chijeremani. Ndiye taonani chimene chinachitika. Mu 1673 kunatuluka buku lotchedwa The Gentlewoman's Companion, pachikuto pali dzina lake, iye asanavomereze. Chaka chotsatira anadandaula poyera m'buku lake lina. Ine anandichotsera dzina pa ntchito yanga, iye anamuikira dzina pa ntchito imene sanaivomere, koma mchitidwe wake ndi umodzi: dzina la mkazi ndi katundu amene wina angaike kapena kuchotsa monga kwamukomera. Ndipo apa pali umboni umene aphunzitsi anu ayenera kuuona. Wamalonda saba dzina losagulitsa. Pofika 1673 dzina la mkazi wolemba za kukhitchini linali ndalama mu London.

Kuti mumvetse chifukwa chake Woolley analibe kokasuma, muyenera kudziwa m'mene malonda a mabuku ankayendera. Kuyambira 1557 kusindikiza ku England kunali m'manja mwa bungwe la osindikiza ndi ogulitsa mabuku, la Stationers' Company. Mwini buku sanali wolemba ayi, anali membala wa bungwelo amene walilembetsa m'kaundula wawo. Wolemba ankagulitsa mapepala ake kamodzi, basi kwatha. Buku likasindikizidwa kakhumi, phindu linali la wina. Lamulo loyamba kutchula ufulu wa wolemba linabwera mu 1710, m'nthawi ya Mfumukazi Anne. Amuna olemba nawonso ankadyeredwa, sindikukana. Koma mkazi anali ndi mtolo wachiwiri, wa manyazi. Kuonetsa dzina lako pamsika kunkatengedwa ngati kudzivula pagulu.

Amene anayesa kulowera khomo lalikulu anaona zakuda. Mary Wroth atatulutsa nthano yake yaitali ya Urania mu 1621, mkulu wina wa kunyumba ya mfumu, Edward Denny, anamulembera ndakatulo yachipongwe yomunena kuti si mkazi si mwamuna, ndipo Wroth analemba kalata yonena kuti waletsa bukulo kugulitsidwa. Margaret Cavendish, amene anayamba kusindikiza mu 1653 n'kumalemba ndakatulo, masewero ndi za sayansi m'dzina lake, anthu ankamuyesa wamisala. Ngakhale mkazi wina wa nthawi yomweyo, Dorothy Osborne, analemba m'kalata kuti ku Bedlam, chipatala cha odwala misala, kuli anthu a mutu wabwino kuposa iye. Awatu anali akazi a m'mabanja apamwamba. Nanga mwana wa munthu wamba akanatani?

N'chifukwa chake ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa, zoti mabuku a maphikidwe, a mapemphero ndi a uchembere ndi zotsalira. Anali makomo okhawo amene anasiyidwa osakhoma, ndipo akazi analowera pomwepo atanyamula zonse zimene ankafuna kunena. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene amawerenga olemba achikazi otchuka monga Aphra Behn kapena Jane Austen n'kumanyoza mabuku amenewa akunyoza amene anawabala. Ndinenenso mosabisa: mphunzitsi wonena kuti m'menemo mulibe kanthu sanawatsegule. Akanatsegula sakananena.

Tatengani Elizabeth Jocelin. Ali woyembekezera mwana wake woyamba, mtima unamuuza kuti sapulumuka. Anaitanitsa mwachinsinsi nsalu yodzamukulungira, n'kukhala pansi kulembera malangizo mwana amene sanamuone. Anabereka mwana wamkazi mu 1622 ndipo anamwalira patatha masiku 9. Bukulo linatuluka mu 1624 ndi mutu wakuti The Mother's Legacy to her Unborn Child. Ndinaliwerenga nditakhala pa tebulo lalitali pakati pa anthu osawadziwa, ndipo ndinachita kutuluka panja kukapuma. Dorothy Leigh naye analembera ana ake aamuna The Mother's Blessing, la 1616, limene linasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka makumi angapo. Mayi amene ali pafupi kufa palibe akanamuletsa kulankhula, ndiye pansi pa chilolezo chimenecho Leigh anauza ana ake m'mene angasankhire mkazi ndi kumulemekeza, ndiponso kuti antchito awo aphunzitsidwe kuwerenga.

Koma amene ndimamukonda koposa ndi Jane Sharp. Mu 1671 anatulutsa The Midwives Book, buku loyamba la uzamba lolembedwa ndi mkazi wa ku England, atagwira ntchitoyo zaka zoposa 30 monga ananenera yekha. Mabuku a uzamba analipo kale, olembedwa ndi amuna. Sharp anavomera kuti amuna ali ndi mayunivesite amene akazi saloledwa kulowa, koma anati mawu ovuta a Chigiriki si amene amabereketsa mayi, ndipo anakumbutsa owerenga kuti azamba amene Baibulo limawayamikira m'buku la Eksodo ndi akazi. Ndikamuwerenga ndimamva liwu la azamba aja mayi anga ankalemba mayina awo.

Ndisaiwale akazi amene manja awo ankada ndi inki, chifukwa ambiri amangoyang'ana olemba. Wosindikiza akamwalira, mkazi wake ankaloledwa kupitiriza shopu, ndipo ambiri anali akuidziwa kale ntchitoyo. Mumzinda uno wa Edinburgh munali Agnes Campbell. Mwamuna wake, Andrew Anderson, wosindikiza wa mfumu ku Scotland, anamwalira mu 1676, iye n'kuyendetsa bizinesiyo zaka 40, kusindikiza Mabaibulo ndi zikalata za boma, kulimbana ndi opikisana naye m'makhoti, mpaka anamwalira ali wolemera mu 1716. Chakumapeto kwa moyo wake ankasindikizira Church of Scotland, mpingo womwewu umene unadzakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Ku London, Tace Sowle anatenga makina a bambo ake n'kukhala wosindikiza wamkulu wa gulu la Akhristu lotchedwa Quaker kwa zaka zoposa 50, ndipo nyuzipepala yoyamba yotuluka tsiku ndi tsiku ku England, The Daily Courant, anaiyambitsa ndi mkazi, Elizabeth Mallet, mu 1702.

Poyambira

Sankhani mmodzi, Woolley kapena Sharp, musawanyamule onse. Werengani mawu oyamba a bukulo mosathamanga, chifukwa m'menemo ndi mmene mkazi amapepesa polemba kwinaku akudziteteza. Kenaka yang'anani pansi pa tsamba la mutu, pamene pamalembedwa wosindikiza ndi wogulitsa. Mndandanda wa English Short Title Catalogue ukuuzani kuti buku linatuluka kangati. Za Early English Books Online, nkhokwe ya pa intaneti ya mabuku akale a Chingerezi, funsani a kulaibulale yanu. Chilembo chooneka ngati f pakati pa mawu nthawi zambiri ndi s wakale, muzolowera pakatha masamba awiri.

Aphunzitsiwo musakangane nawo m'kalasi. Apititsireni masamba atatu oyamba a Sharp muwapemphe awerenge muli pomwepo.

Kakope ka mayi anga kali ndi ine kuno, ndinakakulunga m'chitenje chawo chobiriwira. Masamba a chikondamoyo ada ndi mafuta moti mawu ena sakuonekanso, ndipo mwezi watha ndayamba kukalemba pa kompyuta, tsamba limodzi Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi. Pa tsamba loyamba ndalembapo dzina lawo lonse, la ubatizo ndi la kwawo. Mukamaliza nkhani yanu munditumizire, achemwali, ndikufuna kuiwerenga.