Ndabetcha pa kuzizira kwa usiku ku Chicago, ndiikemo ndalama ya malata?

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana ku America, ndipo ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Mnzanga anandionetsa Kalshi, msika wa pa intaneti kumene anthu amabetcha kuti kutentha kutsika kufika madigiri angati mumzinda wakutiwakuti. Ndinasankha Chicago poti ndi pafupi. Ndikaweruka m'mawa ndimaona pamene kutentha kunafika mbandakucha, n'kugula pomwepo. Mu Julaye ndinawina kasanu motsatizana, matikiti 200 ulendo uliwonse, pa masenti 85 tikiti imodzi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mbandakucha kunali madigiri 72 a Fahrenheit, ndinagula matikiti a "72 mpaka 73", koma mawa lake anati chiwerengero ndi 69, $170 yonse n'kupita. Kodi anandibera? Ndili ndi $2,000 imene ndasungira malata a nyumba yanga ku Kasungu, ndipo mnzangayo akuti vuto ndi kuchepa kwa mpamba. Ndiikemo?

Yankho: Achimwene, ndalama ya malata musaikhudze. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngakhale mutatopa n'kusiyira panjira kuwerenga, mawu awa mukhale mwawamva.

Sanakubereni. Kalshi inalandira chilolezo mu 2020 kuchokera ku CFTC, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya mtundu umenewu, ndipo chiwerengero chimene amaweruzira sichichokera kwa iwo. Chimachokera mu lipoti la tsiku ndi tsiku la National Weather Service, nthambi ya boma yoona zanyengo. Chimene chinakupwetekani n'chakuti munkaganiza kuti mukubetcha pa usiku, pamene lipotilo limawerenga tsiku lathunthu. Limatenga kutentha kotsikitsitsa pa maola onse 24, kaya kwachitika mbandakucha kaya usiku wotsatirawo anthu akukagona.

Masiku ambiri mbandakucha ndi pamene pamazizira kwambiri, n'chifukwa chake munawina kasanu. Koma mu Julaye ku Chicago kumatha kucha kuli chifundizi, madzulo n'kubwera mvula yamabingu kapena mphepo yozizira, kutentha n'kugwa kupitirira pamene kunali m'mawa. 72 wanu uja anali woona pa 6 koloko m'mawa, koma tsiku linali lisanathe. Ndipo limachedwa kutha kuposa momwe ambiri amaganizira. Lipotilo silitsatira wotchi imene amaipititsa patsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, choncho tsiku lake limatha 1 koloko usiku pa wotchi ya ku Chicago. Kwa inu ku South Bend, kumene muli patsogolo ndi ola lina, ndi 2 koloko, muli kalikiliki kutembenuza odwala. Munagula tikiti kutatsala maola oposa 15 oti nyengo isinthe maganizo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo apa inamutengadi ndi mphepo yeniyeni.

Palinso nkhani ya malo. Msika wa Chicago pa Kalshi umawerenga chipangizo chimodzi cha pabwalo la ndege la Midway. Chiwerengero chimene amalengeza kawirikawiri ngati cha mzindawo ndi cha pa O'Hare, bwalo lina, ndipo cha pafoni yanu chikhoza kukhala cha malo ena achitatu. Kusiyana digiri imodzi kapena awiri pakati pa malo amenewa si zachilendo, pamene tikiti yanu yonse imakwana madigiri awiri okha.

Tsopano tiwerengere, chifukwa apa ndi pamene mnzanuyo akulakwitsa. Tikiti ikawina imalipira $1, ikaluza palibe. Mukagula pa masenti 85, mukuika 85 pangozi kuti mupeze 15. Pa matikiti 200 phindu ndi $30, kuchotsapo pafupifupi $2 imene msika umadula, kutsala $28. Kasanu ndi $140. Ulendo umodzi woluza unakudyerani pafupifupi $172. Mwawina maulendo 5 pa 6, komabe m'thumba mwanu mwachepa $32. Pa mtengo umenewo muyenera kulondola maulendo 86 pa 100 aliwonse kuti mungobweza yanu, osapindula kanthu. Kuwonjezera mpamba sikusintha chiwerengero chimenechi. Kumangokulitsa bala: mukaika $2,000 yonse pa tikiti yangati imeneyi, mukawina mupeza pafupifupi $330, mukaluza nyumba igona panja dzinja lina.

Ndikufuna muganizire bwino za masenti 15 aja. Inu munkawaona ngati ndalama yotola. Koma tikiti iliyonse imene munagula, panali munthu wina mbali inayo amene anavomera kubetcha motsutsana nanu, ndipo ambiri mwa amene amakhalitsa pa misika ya nyengo ali ndi makompyuta owerenga zipangizo za pabwalo la ndege ndi zolosera za akatswiri mphindi ndi mphindi. Mtengo wa 85 unali kukuuzani kuti anthu amenewo akuona mwayi wa 15 pa 100 woti madzulo kuzizira. Zimene munaona inu mbandakucha aliyense anali ataziona kale. Kuti mupindule, muyenera kudziwa chinthu chimene iwo sakudziwa, ndipo munthu wotuluka shifiti ya usiku maso ali psuu sakhala nacho.

Sindikunena kuti kuika ndalama pa nyengo n'kopanda nzeru nthawi zonse. Msika wa CME wa ku Chicago komweko unayamba kugulitsa makontirakiti a nyengo mu 1999, ndipo makampani a magetsi ndi gasi amawagula chifukwa nyengo ikapanda kuyenda bwino malonda awo amagwa, kontirakitiyo n'kuwabwezera zina. Kwathu ku Malawi mu 2005 alimi a mtedza a NASFAM anayesedwa pa inshuwalansi yolipira potengera mvula imene yagwa pa chipangizo cha zanyengo chapafupi. Onsewa ali ndi chowaluza nyengo ikavuta, ndiye amagula chitetezo. Inu kaya ku Midway kuzizire kaya kutenthe, malipiro anu sasintha. Mulibe chimene mukuteteza, choncho kwa inu iyi ndi juga, ngakhale ili ndi chilolezo ndiponso amaitchula msika.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si $170 ayi. Ndi chakuti mutaluza, maganizo oyamba akhala oika zambiri. Ndaona anthu olimbikira ntchito akuyamba choncho, ndi tindalama ta sopo, kenaka ya fizi ya ana, kenaka ngongole ya pa khadi. Misika imeneyi imatsegulidwa tsiku lililonse ndipo ili m'thumba mwanu usiku wonse, pa maola amene munthu amakhala yekha ndiponso wotopa.

Ngati mukukhulupirirabe kuti mumaimva nyengo ya Chicago, dziyeseni popanda ndalama. Tengani kope, kwa masiku 60 muzilemba tikiti imene mukanagula, mtengo wake pa nthawiyo, ndi chiwerengero cha Midway chimene chatuluka mu lipoti mawa lake, osaiwala kuchotsa imene msika umadula. Kumbukiraninso kuti ku America phindu lotere limalowa pa fomu ya msonkho, ndiye sungani mbiri ya zonse mwagula kale mu Julaye.

$2,000 ija ichotseni mu akaunti imene mwalumikiza ku Kalshi lero lomwe. Funsani mitengo ya malata ku mashopu awiri kapena atatu ku Kasungu, mutumize ndalamayo kudzera njira yovomerezeka, ndipo m'bale wanu amene akuyang'anira ntchitoyo akutumizireni chithunzi cha lisiti ndi cha malatawo atafika pamalo. Mmisiri akhome denga mvula ya Novembala isanayambe.