Yankho kwa achemwali amene afunsa za pulofesa wa ma stem cell ndi manambala ake

Achemwali, pepani ndi matenda a bambo. Kwa amene simunaone funso lawo, nkhani ndi iyi: bambo awo mtsempha wa magazi wa mumtima unatsekeka chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo mtima sukupopa bwino. Apeza pa intaneti chipatala china chimene chikuti chimabaya ma stem cell (maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina) n'kukonzanso mtima. Pulofesa amene dzina lake lili patsogolo kumeneko ali ndi mapepala a kafukufuku mazana angapo, ma citation masauzande ambirimbiri komanso h-index yokwera pa Google Scholar, tsamba losonyeza mapepala a ofufuza. Akufunsa kuti, kodi manambala amenewa akusonyeza kuti munthuyu n'ngodalirika?

Ndinagwirako ntchito zaka zingapo mu labu ya maselo a mtima, ndipo manambala amenewa ndi amene tinkagona nawo n'kudzuka nawo, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Wofufuza akalemba pepala, kumapeto amandandalika mapepala a anzake amene wawatchula m'katimo. Kutchulidwa kamodzi ndiye citation imodzi. Kompyuta imangowerenga kuti pepala latchulidwa kangati, siidziwa ngati wotchulayo akuyamikira kapena akutsutsa. Wina akalemba kuti anayesa kubwereza zimene anachita uje koma zinakanika, imeneyonso ndi citation, ndipo nambala ya uje yakwera. Ponena za h-index, anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch wa ku University of California, San Diego, mu 2005. Ikakhala 50, ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 50 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 50. Imakomera amene akhalitsa pantchito komanso amene ali m'gawo lodzaza anthu, ndipo mwini wake akapuma pantchito, ngakhale akamwalira, imatha kumakwerabe.

Ineyo pepala langa lotchulidwa kwambiri ndi limene dzina langa lili pakatikati pa mayina oposa 20. Ntchito yanga inali kusintha madzi odyetsera maselo m'mawa uliwonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndi kuwerenga maselo pa maikulosikopu mpaka maso kuwawa. Funso la kafukufukuyo silinali langa, ndipo polemba ndinangotumiza manambala. Koma ma citation onse a pepalalo amalowanso kwa ine athunthu, chimodzimodzi ndi kwa mwini labu. M'kafukufuku wa zamankhwala, dzina loyamba ndi la amene anagwira ntchito yaikulu ndi manja, lomaliza ndi la mkulu wa labu. Apakatife tilipo amitundumitundu.

Tsono chifukwa chenicheni chimene ndalembera ndi chakuti mwafunsa za ma stem cell a mtima, ndipo gawo limeneli linapsapo kale ndi munthu wa manambala ochititsa kaso. Dzina lake ndi Piero Anversa. Mu 2001, ali ku New York Medical College, gulu lake pamodzi ndi anzawo ena linatulutsa pepala m'magazini ya Nature lonena kuti maselo a m'mafuta a m'mafupa akabayidwa mumtima wa mbewa umene wavulala, amasanduka minofu yatsopano ya mtima. Mu 2003 anatulutsa lina m'magazini ya Cell lonena kuti mtima uli ndi ma stem cell akeake, odziwika ndi chizindikiro chotchedwa c-kit. Muyenera kumvetsa chifukwa chake anthu anatekeseka nazo. Mtsempha ukatsekeka, maselo a mtima amatha kufa ochuluka zedi, mwina kufika biliyoni imodzi, ndipo pamalopo pamatsala chipsera chosapopa magazi. Madokotala anali atazolowera kuti chafa chafa. Ndiye kubwera munthu n'kunena kuti mtima ungaphukenso, aliyense anafuna kuti zikhale zoona. Madokotala m'mayiko angapo anayamba kuyesa pa anthu pasanathe nthawi.

Mu 2004 magulu awiri, la Charles Murry ku University of Washington ndi lina la ku Stanford, anatulutsa mapepala mu Nature momwemo onena kuti ayesa koma maselo a m'mafupa aja sakusanduka minofu ya mtima. Mukanaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu. Anversa anapita ku Brigham and Women's Hospital, chipatala chogwirizana ndi Harvard ku Boston, ndalama za kafukufuku zinkabwerabe, ndipo ma citation ankangokwera. Aliyense wolemba za ma stem cell a mtima ankayenera kumutchula, womuvomereza ndi womutsutsa yemwe. Mu 2014 gulu la Jeffery Molkentin ku Cincinnati linatsata maselo a c-kit aja mu mbewa, n'kupeza kuti maselo a minofu ya mtima ochokera kwa iwo ndi ochepetsetsa moti sangathandize kanthu. Labu ya Anversa inatsekedwa mu 2015. Mu 2017 eni chipatalacho analipira boma la America madola 10 miliyoni pa mlandu wakuti ndalama za kafukufuku zinapezedwa ndi zotsatira zachinyengo. Mu October 2018, Harvard ndi Brigham anapempha kuti mapepala 31 a labu imeneyo achotsedwe chifukwa munali zotsatira zopeka kapena zosinthidwa. Mwezi womwewo kafukufuku wa pa anthu wobaya maselo a c-kit aja wotchedwa CONCERT-HF anaimitsidwa kaye, ndipo pepala la kafukufuku wina wa maselo omwewo wotchedwa SCIPIO, limene linatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2011, linachotsedwa mu 2019.

Werengani zakazo: kuyambira 2001 kufika 2018. Munthu amene akanatsegula tsamba la Anversa cha m'ma 2012 n'kufunsa funso lanuli, manambala akanamuyankha kuti uyu ndiye katswiri wa akatswiri. Sindikunena kuti pulofesa wanuyo ndi wotero, n'kutheka kuti ndi munthu woona mtima. Ndikungoti manambala paokha sangakusiyanitsireni anthu awiriwo.

Pali kafukufuku wina amene ndimakonda kuuza anthu. Mu 2014 gulu la Darrel Francis ku Imperial College London linasanthula makafukufuku 49 obaya maselo a m'mafupa kwa odwala mtima, n'kutulutsa zimene anapeza m'magazini ya BMJ. Sanapangenso kuyesa kwatsopano, anangokhala pansi n'kumawerenga malo amene manambala akutsutsana okhaokha, monga chiwerengero cha odwala kusiyana pa tebulo ndi m'mawu. Anapeza malo otere oposa 600. Chodabwitsa n'chakuti makafukufuku amene anali ndi zosemphana zambiri ndi omwenso ankanena kuti mtima wayamba kupopa bwino kwambiri. Asanu amene analibe chosemphana chilichonse sanaonetse phindu.

Musatenge ngati gawo lonseli ndi bodza. Mu 2009 gulu la Jonas Frisén ku Karolinska Institutet ku Sweden linagwiritsa ntchito nzeru yokoma: mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa 1960 anasiya carbon-14 (mtundu wina wa kaboni) wambiri mumpweya, ndipo analowa m'maselo a anthu, moti ungadziwe chaka chimene selo linabadwa. Anapeza kuti mtima umapangadi maselo atsopano, koma pang'ono kwambiri, pafupifupi 1 peresenti pachaka munthu akakhala wa zaka 25, ndipo pofika zaka 75 amakhala osakwana theka la peresenti. Komanso mu 2006 Shinya Yamanaka ndi Kazutoshi Takahashi ku Kyoto anaonetsa kuti ndi ma gene (malangizo a chibadwa a m'selo) anayi okha ungabweze selo lokhwima kuti likhalenso ngati la mluza. Pepala limenelo lili ndi ma citation ochuluka kwabasi, koma chimene chimalipatsa ulemu n'chakuti malabu padziko lonse anabwereza n'kutheka. Yamanaka analandira mphoto ya Nobel mu 2012 limodzi ndi John Gurdon.

Maselo a mtundu umenewo ndinawaonapo ndi maso anga akusanduka a mtima. Umawadyetsa kwa sabata ndi masiku angapo osaona kanthu, kenako m'mawa wina ukuika kambale pa maikulosikopu, ukupeza kachigawo kakugunda kokha, phaphapha, kenako mbale yonse ikuyenda ngati funde. Tsiku loyamba ndinaitana aliyense amene anali pafupi. Koma kugunda m'mbale ndi kuchiritsa munthu ndi mitunda iwiri yotalikirana. Murry yemwe uja ataika maselo a mtima opangidwa kuchokera ku ma stem cell a mluza m'mitima ya anyani mu 2014, anameradi n'kulumikizana ndi mtimawo, koma anyaniwo mtima unayamba kugunda mosalongosoka, vuto limene mwa munthu wodwala likhoza kupha. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, silinavomereze kubaya ma stem cell ngati chithandizo cha mtima wofooka.

Ndiye mukatsegulanso tsamba la pulofesayo, nambala yaikulu ya pakona ija isiyeni kaye. Onani mapepala asanu apamwamba. Kodi ndi kafukufuku amene anachita yekha, kapena ndi aja ongosonkhanitsa zimene ena anapeza? Osonkhanitsawo, pamodzi ndi malangizo olembedwa ndi makomiti, amakolola ma citation ambiri popanda mwini dzina kugwira selo ngakhale limodzi. Dzina lake lili poyamba, pomaliza, kapena pakati ngati langa lija? Nanga anayesa pa mbewa kapena pa anthu? Ngati ndi pa anthu, anali angati, ndipo panali gulu lina lobayidwa jakisoni wopanda maselo kuti afanizire? Pepala la odwala ochepa opanda owafanizira silingakuuzeni ngati anachira chifukwa cha maselo kapena chifukwa cha mankhwala amene ankamwa kale.

Kenako kopani mutu wa pepala lililonse n'kuuika pa PubMed, tsamba lofufuzirapo mapepala a zamankhwala. Ngati linachotsedwa, mudzaona chenjezo pamwamba, pomwe pa Google Scholar limatha kumangooneka bwinobwino ndi ma citation ake onse. Dzina lakelo mulifufuzenso pa Retraction Watch, tsamba limene Ivan Oransky ndi Adam Marcus anayambitsa mu 2010 lotsata mapepala ochotsedwa. Dziwaninso kuti tsamba la pa Google Scholar munthu amadzikonzera yekha, ndipo nthawi zina mumalowa mapepala a wina wofanana naye dzina. Pa Scopus, tsamba lina lowerenga ma citation, pali njira yochotsera ma citation amene munthu wadzitchula yekha, ngati mukudziwa wina wa payunivesite angakuonereni.

Za chipatala cha pa intaneti chija, afunseni funso limodzi lokha: ndi pepala liti limene likusonyeza kuti maselo amene mukufuna kubaya bambo angawa, obayidwa mwanjira imeneyi, anathandiza anthu a matenda ngati awowa? Akakupatsani mndandanda wautali wa mapepala a mbewa kapena akakubwezerani ku h-index, ndiye kuti alibe. Akanena kuti ndi kafukufuku wolembetsedwa pa ClinicalTrials.gov (kaundula wa makafukufuku a pa anthu), kulembetsa pamenepo si chilolezo cha boma, ndipo kafukufuku wolongosoka kawirikawiri salipiritsa wodwala chinthu chimene chikuyesedwa.

Pakadali pano bambo asasiye mankhwala amene akumwa, ndipo nkhaniyi mukaikambenso ndi dokotala wawo wa mtima musanatumize ndalama kulikonse. Mitu ya mapepala asanu aja muiponye pansi apa mukaipeza, tiyang'anire limodzi.