Golide wosaoneka ndi maso ndi kamakina koyezera shuga

Mlongo wina wa ku Santhe wanditumizira imelo. Amayi ake amayeza shuga ndi kamakina kobaya chala kaja, ndiye anamva kuti asayansi akupanga timakina topima hydrogen peroxide ndi timibulu ta golide. "Mankhwala otsukira zilonda aja akugwirizana bwanji ndi shuga wa amayi?" akufunsa choncho.

Achemwali, nkhaniyi inayamba mu 1962 ku America, pamene akatswiri awiri, Leland Clark ndi Champ Lyons, anaganiza zoika enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu) yotchedwa glucose oxidase pa kachitsulo kowerenga magetsi. Enzymeyi ikakumana ndi shuga ndi oxygen imatulutsa hydrogen peroxide, ndipo shuga akachuluka peroxide nayenso amachuluka. Makina oyamba a mtundu umenewu kugulitsidwa, a kampani ya Yellow Springs Instrument mu 1975, ankawerenga peroxide ameneyu pa chitsulo chotchedwa platinum, n'kusandutsa magetsiwo kukhala nambala.

Vuto linali lakuti platinum imafuna mphamvu ya magetsi yokwererako, pafupifupi mavolti 0.6, ndipo pamenepo vitamini C ndi paracetamol nazonso zimalowerera n'kusokoneza nambala. Apa m'pamene golide akubwerera. Mukudziwa kuti mchere wosinja umasungunuka msanga mu ndiwo kuposa wamibulu, chifukwa madzi amaukhudza paliponse. Timibulu ta golide, kapenanso tizinthu ta kaboni totchedwa graphene ndi carbon nanotubes, n'tating'ono kosaneneka, moti tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita (muyeso wa tinthu tosaoneka ndi maso) pafupifupi 80,000 pomwe ito sitipitirira 100. Timapatsa enzyme malo ambiri okakamira komanso timadutsitsa magetsi mosavuta. Akaikapo enzyme ina yochokera ku muzu wa chomera chotchedwa horseradish, peroxide amawerengeka ndi mphamvu yochepa, zosokoneza zija osalowererapo kwenikweni.

Timapepala tambiri todontherezapo magazi poyeza shuga masiku ano timagwiritsa ntchito glucose dehydrogenase, yomwe siidzera pa peroxide, koma nayonso ndi enzyme, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Enzyme ndi puloteni, imaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, kaya pali golide kaya palibe. Malume anga ankasiya kabotolo ka timapepala pawindo, chivindikiro chili pambali, m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala kuno ku Kasungu. Nambala zinkangosinthasintha, iwo n'kumada nkhawa usiku wonse.

Kabotolo ka amayi kazikhala kotseka, pamthunzi, ndipo muziona deti lothera ntchito. Nambala ikasemphana ndi mmene akumvera m'thupi, apite nawo kuchipatala akayezedwenso, asasinthe okha mankhwala.