Mwaitanidwa kukadya nkhanu kwa Matchaina? Imvani achemwali

Imelo yabwera kuchokera kwa achemwali ena ali ku Johannesburg, akuti mnzawo wa kuntchito, Mtchaina, wawaitana ndi banja lonse ku lesitilanti ina ku Cyrildene, dera la mu Johannesburg momwemo lodzaza ndi malesitilanti a Matchaina, kukadya nkhanu, ndiye akufunsa kuti kodi chinthu chimenechi amachidya bwanji poti iwo nkhanu ankangoziona kumtsinje ana akuziseweretsa, akuopa kukachita manyazi pagulu.

Achemwali mtima pansi, nkhanu amadya ndi manja, ngakhale eni akewo timitengo todyera tija amatiika pambali ikafika mbale ya nkhanu. Ndiye inu amene munakula mukuminula chambo ndi zala mukaope chani?

Malesitilanti ambiri otere amasunga nkhanu zamoyo m'matanki agalasi, mumaloza yomwe mwaifuna, amaiyeza pasikelo kenako ulendo kukhitchini. Apa ndipamene anthu amalira, chifukwa pa menyu nthawi zambiri salemba mtengo, amangoti mtengo wa tsikulo, amawerengera pa kilo ndipo kilo imeneyo ikuphatikiza chigoba chomwe simudya. Ulendo uno mwaitanidwa ndiye zisakukhudzeni, koma mukadzapita panokha funsani mtengo isanapite kumoto, osachita manyazi ayi.

Kaphikidwe kamene mudzakapeza kwambiri ndi ka ku Canton, kumwera kwa China, nkhanu yodulidwa zidutswa kukazinga ndi jinja ndi anyezi wamasamba. Ku Hong Kong ili ina yomwe amaikwirira m'adyo wokazinga wambirimbiri, ndipo ya tsabola yamsuzi wofiira ija kwawo ndi ku Singapore, amadyera timabanzi totchedwa mantou. Ine koyamba ndingakulangizeni ya jinja, kukoma kwa nkhanuyo kumamveka, zinazi msuzi umaphimba zonse. Ku Shanghai amapenga ndi tinkhanu taubweya ta mu nyanja ya Yangcheng pafupi ndi Suzhou, timapezeka bwino cha mu Okutobala ndi Novembala, amangotiphika panthunzi n'kumaviika mu viniga wakuda wothira jinja basi.

Tsono kadyedwe. Nyama yambiri ili m'manja akuluakulu opanira aja, adzakupatsani chophwanyira ngati pulayala ndi kachitsulo kokolowolera, finyani pang'onopang'ono osati mwamphamvu, apo ayi msuzi uthera pa bulauzi ya apongozi. Tinthu totuwa tofewa tokhala ngati zala m'mbali mwa thupi musadye, ndi topumira. Zachikasu zomwe zili mkati mwa chigoba anthu athu amaziona ngati zonyansa koma eni ake ndiye ndiwo yeniyeni, mnzanuyo akakuikirani pambale dziwani kuti wakulemekezani, lawani ngakhale pang'ono. Zigoba muziunjika pa kambale kanu, weitala amasintha.

Pakabwera kambale ka tiyi kapena madzi muli mandimu, chonde musamwe, ndi kosambira m'manja.

Tebulo limakhala lozungulira, pakati pali galasi lotembenuka, aliyense amatapa mbale zomwezo, ingoonetsetsani kuti musalitembenuze wina akutapa ndipo akuluakulu ayambe ndiwo. Timitengo musatizike chilili mumpunga, kwa iwo zimafanana ndi zofukiza za pamaliro. Wina akakuthirirani tiyi gogodani tebulo ndi zala ziwiri, ndiye zikomo yake. Nkhani ya bilu, amene waitana ndiye amalipira, inu yesani kutulutsa chikwama mwaulemu, akakana musakangane mpaka weitala kusowa chochita, mudzangowaitana nanunso kunyumba kwanu nsima ndi chambo.

Chimodzi chomwe sindingasekere ayi, pali anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhanu ndi prawns, amatupa milomo, kuyabwa, ena mpaka kubanika, ndiye ana anu ngati sanadyepo alawe kachidutswa kaye muone, akayamba kuvutika kupuma thamangirani kuchipatala. Ndipo ngati m'banjamo muli a Seventh Day omwe sadya nkhanu chifukwa cha Levitiko 11, muuzeni mnzanuyo lisanafike tsikulo kuti adzaodetse nsomba yapanthunzi, ku Cyrildene imeneyo siisowa.