Funsani Azakhali: Mwana wamkazi akufuna uinjiniya wa ku usilikali

FUNSO: Azakhali, ndine bambo wa ana anayi, ndimakhala ku Mtendere kuno ku Lusaka koma kwathu ndi ku Katete. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anamaliza dipuloma ya zomangamanga chaka chatha ndipo ine ndimati apeze nchito ku kampani ya misewu olo ku khonsolo, koma iye wakakamira ati akufuna usilikali akakhale injiniya kumeneko. Amai ake tulo sakutiona. Anzanga ku tchalitchi ena akuti akazi kumeneko amawafewetsera training ndiye palibe amene amawapatsa ulemu, ena akuti iyayi amawathamangitsa mpaka kuthyoka miyendo osadzaberekanso. Zoona ndi ziti? Ndimulole kapena ndimuletse?
Bambo wa ku Mtendere

YANKHO: Zikomo bambo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakalipe. Tiyambe ndi nchito yeniyeniyo chifukwa ambiri tikamva msilikali timangoona mfuti basi. Injiniya wa ku usilikali ndi uja amatsegula njira kuti anzake adutse, amamanga milatho pomwe madzi akokolola, amakonza misewu, amakumba zitsime, amaimika kampu pathengo pomwe panalibe kanthu, komanso ndi yemweyo amafufuza ndi kuchotsa mabomba okwirira pansi. Azungu amamutcha sapper. Kuno kwathu a Zambia Army ali ndi gulu lawo la mainjiniya, ndipo a Zambia National Service (ZNS) nawo mumawaona ndi magireda awo akupala misewu ya kumidzi, olo kwanu ku Katete komweko mwawaonapo. Ndiye dipuloma ija siyikupita kukatayidwa ayi.

Koma musanamizidwe, munthu amayamba wakhala msilikali kenako uinjiniya pambuyo. Adzametedwa, adzaguba, adzagona kuthengo, adzanyamula chikwama ndi mfuti ngati wina aliyense. Maofisala a Army amaphunzira ku Kabwe ndipo mukaonera pass out yakumeneko pa ZNBC muona akazi ali pa perete pamodzi ndi amuna, jombo zomwezo dzuwa lomwelo.

Tsopano nkhani yofewetsa ija, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa anthu amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali mayeso ongoona ngati thupi lili bwino, kuthamanga makilomita angapo, ma push up, zotero. Amenewa magulu ankhondo ambiri padziko amaika mlingo mosiyana malinga ndi zaka za munthu komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, moti olo bambo wa zaka 45 samuyesa ndi mlingo wa mnyamata wa zaka 20 ndipo palibe amene amati bamboyo si msilikali. Ndiye pali mayeso a nchito yeniyeniyo, ndipo apa ine ndimaima nji kuti mlingo uzikhala umodzi. Ndikupatseni chitsanzo. Pali mlatho wachitsulo wolumikiza otchedwa Bailey, anaupanga ndi Donald Bailey wa ku Britain nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo mpaka lero ukugwirabe nchito, kumidzi kwathu ilipo yambiri. Chigawo chimodzi cha m'mbali mwake nchotalika mamita 3 ndipo chimalemera pafupifupi makilo 260, amachinyamula anthu 6. Gawani muone, aliyense amasenza makilo opitirira 40, kungotsala pang'ono kukwana thumba la simenti, ndipo sikunyamula kamodzi ayi ndi tsiku lonse olo usiku wonse, mwina mumatope. Mmodzi akafooka chitsulocho chimagwera miyendo ya anzake asanu aja. Ndiye pamenepo kumufewetsera munthu mayeso chifukwa ndi mkazi sikumukonda, ndi kumuika pangozi iye ndi anzake. Koma naye amene wanyamula, wakhoza, kumuuza kuti bwerera chifukwa ndiwe mkazi ndi kulakwa kofanana.

Maiko ena afika kale pamenepa. Ku Britain anatsegulira akazi nchito zonse za usilikali mu 2018, ndipo mu 2019 anayamba mayeso atsopano oyendera nchito ya munthu osayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Ku America mu 2015 akazi awiri, Kristen Griest ndi Shaye Haver, anakhala oyamba kumaliza Ranger School, kosi yomwe amuna ambirimbiri amalephera. Chaka chomwecho wachitatu anali Lisa Jaster, injiniya, mai wa ana awiri wa zaka 37. Kosiyo ndi ya miyezi iwiri koma iye inamutengera pafupifupi miyezi 6 chifukwa zigawo zina amamubweza kuti abwereze, sanamuchotsere kanthu, anabwereza mpaka anakhoza. Ine nkhani yake imandikhudza kwambiri chifukwa ulemu womwe anzanu akunenawo umachokera pamenepo, anzake amene anavutika naye anaona ndi maso.

Olo kuno sizachilendo monga anthu amanenera. Ine ndinakulira ku Chipata kufupi ndi Gondar Barracks ndipo achemwali anga akulu anapita ku National Service m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya a Kaunda pomwe omaliza Form 5 anyamata ndi atsikana omwe amapita mokakamizidwa. Anabwera akuda bii, owonda, koma olimba mtima moti mpaka lero pamaliro olo paukwati ndi iwo amayendetsa zinthu. Anabereka ana asanu. Masiku ano asilikali athu aakazi amapita ku Central African Republic ndi gulu la Zambia losungitsa mtendere pansi pa United Nations, ndipo kumeneko amafunika zedi chifukwa amai a m'midzi amamasuka kulankhula ndi mkazi mnzawo zinthu zomwe sangauze mwamuna wonyamula mfuti.

Za kuthyoka miyendo sindikubisirani, ngozi ilipo. Pa training akazi amavulala mafupa kawirikawiri kuposa amuna, makamaka timing'alu ta m'fupa la msongolo, phazi ndi m'chiuno tobwera chifukwa chothamanga ndi kuguba ndi katundu wolemera thupi lisanazolowere. Zimakula ngati munthu wafika osakonzeka, ngati magazi ndi ochepa m'thupi, komanso ngati wamfupi akukakamizika kutaya mwendo patali kuti afanane ndi ataliatali pamzere. Mankhwala ake ndi kukonzekera miyezi ingapo asanapite. Koma zoti sadzabereka ndi bodza. Chomwe chimachitika kwa ena nchoti kumwezi kumaima kaye thupi likatopa kwambiri chakudya chili chochepa, akapuma nkumadya bwino zimabwerera, ndipo zikachedwa apite kuchipatala asakhale chete.

Mabomba aja ndiye mbali yoopsa kwenikweni ndipo amai ake ali ndi chifukwa chodera nkhawa. Zambia inamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo omwe amadziwika mu 2009, otsala nthawi ya nkhondo za ufulu za maiko oyandikana nafe, koma msilikali amatumizidwa kunja komwe akadalipo. Nchito imeneyi imafuna kudekha ndi kutsata malamulo kuposa minofu, ndipo ku Angola bungwe la HALO Trust lili ndi magulu a akazi amene akuigwira tsiku ndi tsiku.

Ndiye bambo, mwanayu ndi wamkulu, kumuletsa mungathe ndi pakamwa chabe koma mtima wake udzakhala komweko. Khalani naye pansi pamodzi ndi amai ake, mufunseni ngati akudziwa kuti atha kutumizidwa ku Kaoma olo ku Mbala kutali ndi inu, kuti sadzasankha yekha kokhala, kuti usilikali sutuluka mmene umatulukira pa kampani. Mupezereni msilikali wamkazi amene ali pa nchito acheze naye, ku Lusaka kuno ndi ambiri, Arakan Barracks ili pompano. Akamva zonsezo nkunenabe kuti ndikufuna, mudalitseni apite.

FUNSO: Anti ine ndine mtsikana wa zaka 20 wa ku Kanyama, ndinakhoza Grade 12 ndipo ndimafunitsitsa usilikali mbali ya mainjiniya koma ndilibe pepala la koleji. Pali ankolo ena apa komboni akuti ali ndi munthu wawo mkati, ndiwapatse K4,000 dzina langa lituluke. Ena akuti popanda connection ungotaya nthawi. Ndichite bwanji, komanso ndikonzekere bwanji thupi?
Mtsikana wa ku Kanyama

YANKHO: Mwanawe ndalama imeneyo usapereke olo ngwee imodzi. Kulowa usilikali sikugulidwa, akuluakulu a asilikali amachenjeza okha nthawi zonse kuti kulemba anthu ndi kwaulere, ndipo ankolo oterewa amachuluka nthawi ya recruitment ngati inswa mvula ikagwa. Akakudyera sudzawaonanso, ndipo ukagwidwa ndi kalata yabodza mlandu ndi wako. Wina akakuuza kuti ugone naye kuti akuthandize, ameneyo ukamunene ku polisi. Dikira chilengezo chenicheni cha Army, Zambia Air Force (ZAF) kapena ZNS munyuzi, pa wailesi olo pa tsamba lawo lenileni la Facebook, uwerenge wekha zaka ndi magiredi omwe akufuna ulendo umenewo, NRC yako yobiriwira ndi satifiketi zikhale pafupi.

Podikirapo usangokhala. Mainjiniya si a digiri ya ku UNZA kapena CBU okha, gululo limafuna omanga njerwa, akalipentala, owotcherera zitsulo, a mapaipi, amagetsi, oyendetsa magireda ndi ma excavator. Kalembetse kosi ya manja pa koleji yovomerezeka ndi TEVETA, olo usilikali utakanika pepalalo lidzakudyetsa. Masamu usawataye chifukwa kuwerengera kulemera komwe mlatho ungasenze ndi masamu okhaokha.

Thupi uyambe pang'onopang'ono, osati kudzuka lero nkuthamanga kuchoka ku Kanyama mpaka ku Heroes Stadium mawa miyendo yatupa. Yamba ndi kuyenda mwachangu kusakaniza ndi kuthamanga katatu pa sabata, uziwonjezera pang'ono sabata iliyonse, tsiku lina uzipuma. Pakatha mwezi yamba kuyenda ndi chikwama kumsana muli makilo 5, kenako 8, kenako 10. Mphamvu za m'manja ndi m'mapewa ndi pomwe atsikana ambiri amagwera ndiye ma push up tsiku ndi tsiku, chigubu cha malita 20 chija umatungira madzi ndi makilo 20, chinyamule kumanja uku ndi uku. Idya nsima yokwanira, kapenta, nyemba, nshawa, mazira, bondwe ndi chibwabwa, osadzimana chakudya ati ndiwonde. Pita ku kiliniki akakuyeze magazi, akapezeka ochepa akupatsa mapilisi. Ukamva kuwawa pamalo amodzi pafupa kosatha olo utapuma, leka kuthamanga ukaonane ndi adokotala. Ndipo m'mawa kukadali mdima usamathamange wekha, peza anzako awiri atatu.

FUNSO: Azakhali ine ndayesa kawiri osatengedwa koma atsikana ena amene ndimawapitirira kuthamanga anatengedwa. Si kukondera kumeneku? Akazi akutilanda malo.
Mnyamata wa ku Chawama

YANKHO: Pepa mwanangu, kubwezedwa kawiri kumawawa ndipo ndikumva. Koma kuthamanga ndi gawo limodzi chabe, amayang'ananso magiredi, zaka, zotsatira za kuchipatala, mayeso olemba, kuyankha mafunso ndi luso lomwe munthu wabwera nalo, ndiye mtsikana amene unamusiya pa mpikisano atha kukhala ndi pepala la zamagetsi lomwe iwe ulibe. Ofuna amakhala chinamtindi malo ali ochepa, ndipo amuna ndi amene amatengedwa ambiri kutalitali, moti amene anakupitirira ambiri ndi anyamata anzako. Ngati unaona ndi maso ako chinyengo, wina kupereka ndalama olo kulowa osayesedwa, kanene ku Anti-Corruption Commission. Apo ayi yang'ana pomwe unagwera ulendo wathawu, ngati ndi Chingerezi kapena masamu kalembe GCE, ngati ndi kuchipatala kafunse chomwe anapeza. Undilemberenso undiuze zaka zako ndi magiredi ako tione pamodzi ngati nthawi yoyesa kachitatu ikadalipo.