Kwa mayi amene mwafunsa za katapila ndi banki mkhonde

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati malipiro a bambo a kunyumba akumatha pa 15 pasanakwane, muli ndi ana atatu, lendi yakwera, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kukatenga katapila kapena kutuluka mu banki mkhonde kuti mutenge masheya anu. Ine ndinadutsamo, choncho ndikuyankhani mosabisa mawu.

Katapila ayi, chonde musayerekeze. Mu 2023 mwana wanga anadwala nthawi yomwe fizi imafunikanso, ndipo ndinakatenga K100,000 kwa bambo wina wa m'dera lathu. Tinagwirizana kuti ndibweza K150,000 pakutha pa mwezi, ndipo anasunga khadi yanga ya ku banki ngati chikole. Tsiku lolandira, iwo ndiwo ankayamba kupita pa ATM, ine ndili pakhonde pawo kudikira zotsala. Zotsalazo sizinkafika patali, ndiye sabata yachiwiri ndinkabwereranso kwa omwewo. Ndinakhala m'goli limeneli miyezi isanu, mpaka ndinagulitsa firiji kuti khadi yanga ibwere. Dzenje limene mukufuna kukwirira mwezi uno lidzakhalaponso mwezi wamawa, litakula ndi theka.

Musadzione ngati ndinu wosasamala ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi tirigu wa buledi timagula kunja, ndiye zonse zinakwerera limodzi. Namondwe wa Freddy anakokolola minda ya kummwera mu Malichi 2023, chaka chotsatira ng'amba ya El Niño n'kudzawotcha chimanga m'maboma ambiri. Kuyambira 2023 mpaka 2025 mitengo inkakwera pafupifupi 30 peresenti pachaka, pomwe malipiro a ambiri a ife anangosuntha pang'ono. Tanthauzo lake pakhomo panu ndi ili: mitengo ikamakwera motero, K100,000 yomwe mwaisunga m'kachikwama lero, chaka chamawa idzagula zinthu zomwe lero mungagule ndi K77,000. Ndalama yongokhala ikusungunuka, choncho iyenera kusanduka chinthu chimene mukudziwa kuti mudzadya ndithu.

Chinthu chake ndi chimanga, ndipo apa ndi pamene banki mkhonde yanu ingakupulumutseni. Musatulukemo. Gulu lathu linkagawana mu Disembala monga magulu ambiri, ndipo ndalama zinkathera pa mpunga, nkhuku ndi zovala za Khirisimasi. Januwale akafika, chimanga chili pamtengo wolira nacho, ife tili manja lende. Tinakambirana n'kusintha kuti tizigawana mu Meyi, anthu akukolola. Kwathu tilipo asanu, ndipo thumba la makilogalamu 50 limatifikitsa mwezi tikapanda alendo. Ndikalandira gawo langa ndimatumiza ndalama kwa mlamu wanga ku Mchinji, amandigulira matumba khumi, nyemba ndi mtedza pang'ono. Kumayambiriro kwa 2025 pamene thumba linapitirira K100,000 m'misika ina, ine ndinkangomasula langa n'kupita kuchigayo.

Koma musunge bwino, apo ayi mudzadyetsa anankafumbwe. Chimanga chikhale chouma gwa: mukaluma njere izilira pamano, isamaphwanyike mofewa. Ikani m'matumba a PICS aja a mapepala awiri m'kati, mufinye mpweya n'kumanga pepala lililonse palokha, kapena thirani mankhwala a Actellic monga mwa malangizo ake. Matumba asakhudze simenti kapena khoma, ayikeni pa matabwa. Ndipo zoloweretsani ana mgaiwa. Mukakonola, gawo lina la thumba limapita ku madeya, n'kulipiranso chigayo kawiri. Anga ankanyinyirika sabata yoyamba, pano sazindikiranso.

Chenjezo limodzi pa banki mkhonde: musamabwerekemo ndalama yogulira ndiwo. Kwathu chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo ndawaona amayi ali m'magulu atatu, kutenga uku kukabweza uko, mpaka katundu wa m'nyumba kutuluka masana dzuwa likuswa mtengo. Bwerekani pokhapokha ndalamayo ikukabereka, monga kukapikula tomato kapena kaunjika amene mukudziwa komwe mukagulitse.

Tsopano za pa 15 paja. Gulani kope mulembe chilichonse chotuluka kwa mwezi wathunthu, ngakhale K200 ya chiwaya cha mwana. Ine nditalemba ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti lendi ndiyo ikundipha, koma zinali zogula za pang'onopang'ono: mafuta ophikira a m'timachubu, timapepala ta makala m'mawa ndi madzulo, shuga wopima, kabaza wa mtunda woti n'kuyenda, mabandulo a foni, ndi ndalama yodulidwa nthawi iliyonse ndikatapa pa Airtel Money kapena Mpamba. Wosauka amagula modula chifukwa amagula pang'ono. Pano ndi anzanga awiri a pa mdadada timasonkherana tsiku lolandira, n'kugula chigubu cha mafuta, belo la shuga ndi sopo ku holoselo, n'kugawana patebulo. Nyemba ndimaviika usiku kuti zisadye makala. Kuseri kwa nyumba ndili ndi matumba asanu a mpiru ndi bonongwe, ndimathirira madzi otsukuluzira mbale.

Kopelo mukalitsegule pamaso pa bambo, ana atagona, osati mokangana. Amuna ambiri sadziwa kuti mulu wa bonya ukugulidwa zingati masiku ano, amangoona kuti ndalama ya pakhomo yatha msanga n'kuyamba kukayikira. Nawonso aonetse zimene amalandira ndi ngongole zimene ali nazo. Ngati pali za kubetcha mpira pafoni, zituluke usiku womwewo, chifukwa zamaliza mabanja ambiri mwakachetechete.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya abale. Sitingawataye makolo kumudzi, ndipo maliro salephereka. Ife tinaika ndalama yodziwika ya amayi mwezi uliwonse, tinawauza alongo ndi azilamu kuti ndi yomweyo basi. Anadandaula, koma anazolowera. Maukwati, zinkhoswe ndi mashawa ndimasankha. Nsalu ya yunifomu ndinasiya kugula, ndimavala yomwe ndili nayo n'kukaponya zochepa zanga pa perekaniperekani. Mwana wanga wamng'ono ndinamuchotsa ku pulayiveti n'kumuika kusukulu ya boma, ndipo madzulo ndimakhala naye pa mabuku. Zinandiwawa, koma kusiyana ndi kuthamangitsidwa fizi teremu iliyonse, mwanayo ali pamtendere.

Za lendi, pitani kwa alandilodi tsiku lisanafike, muwauze zimene mungathe ndi tsiku lomalizira zotsala. Ambiri amamva munthu wobwera yekha kusiyana ndi wozimitsa foni.

Mwezi uno wokha, ngati ufa watheratu, pemphani kwa mbale kapena ku thumba la chithandizo la gulu lanu, lija mumasonkha la mavuto ladzidzidzi, lomwe m'magulu ambiri silikhala ndi chiwongoladzanja. Ndiyeno mundiuze pansipa kuti gulu lanu limagawana mwezi uti komanso mumadya matumba angati pachaka, tiwerengere limodzi.