Akufuna umboni komanso dzina la amene anakutsinani khutu: lamulo likuti chiyani?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Ali ndi tsamba la Facebook lomwe amalembapo nkhani za m'dera lawo. Posachedwa analemba kuti ndalama zomangira mlatho zinatuluka koma mlathowo sukuoneka. Tsopano walandira kalata ya loya yomuuza kuti apereke umboni wonse ndi dzina la munthu amene anamupatsa mapepala, apo ayi akakumana kukhoti. Funso lake ndi lakuti: poti sali pa nyuzipepala kapena wailesi iliyonse, kodi lamulo limamuteteza?

Mayi, kalatayo yamanga zinthu ziwiri mtolo umodzi, ndipo muyenera kuzilekanitsa. Umboni wa zimene munalemba ndi nkhani ina. Dzina la amene anakutsinani khutu ndi nkhani inanso.

Kalata ya loya si chigamulo cha khoti. Simuli okakamizidwa kupereka kalikonse chifukwa cha iyo, ngakhale italembedwa mwaukali chotani. Koma musaiponye pansi pa mphasa. Pitani nayo kwa loya wanu, kapena ku Legal Aid Bureau ngati ndalama zikuvuta, ndipo adziwitseni a MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Musayankhe pa Facebook mutakwiya, chifukwa mawu amenewo adzawerengedwanso kukhoti.

Pa umboni ndikuuzani mosabisa. Akakusumirani mlandu woipitsa mbiri n'kumafuna chipukuta misozi, inu n'kunena kuti zimene munalemba n'zoona, udindo wosonyeza kuti n'zoonadi umakhala wanu. Kunena kuti "anthu akutero" sikupulumutsa munthu. Sungani mapepala, zithunzi za malowo, masiku amene munapitako, ndi mauthenga osonyeza kuti munafunsa mbali inayo musanalembe. Musafufute kanthu. Ngati pali chimene munalemba mopyola umboni wanu, chikonzeni poyera, chifukwa khoti limaona zimenezo.

Chimene chasintha n'chakuti kuipitsa mbiri sikulinso mlandu woti apolisi akutsekereni. Mu Julayi 2025, Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mbele sanali mtolankhani wa nyuzipepala. Anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza mkulu wa asilikali. Komabe lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 likadalipo, ndipo apolisi akhala akuligwiritsa ntchito pomanga olemba pa intaneti.

Tsopano dzina lija. Apa ndiye mtima wanga umawawa. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula, gawo 36 limateteza ufulu wosindikiza nkhani, ndipo gawo 21 limateteza zinsinsi zanu kuti anthu asamangokufufuzani m'nyumba kapena kulanda katundu wanu. Koma tilibe lamulo lapadera lonena mwachindunji kuti mtolankhani asakakamizidwe kuulula amene wamupatsa nkhani. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa bungwe la Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anatulutsa chikalata cha ku ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo chokhudza makampani a munthu wamalonda Zuneth Sattar. Gondwe anakana kutchula munthuyo. Anamutulutsa anthu atadzudzula kwambiri, ndipo mlangizi wa boma pa nthawiyo, Thabo Chakaka-Nyirenda, anapepesa. Chinamuteteza ndi kulimba mtima kwake komanso phokoso la anzake. Inu muli nokha ku Dedza, n'chifukwa chake ndikuti musalimbane nazo mwakachetechete.

Loya wanu sadzasowa poyambira. Mfundo zimene bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linakhazikitsa mu 2019 zimati wolemba nkhani asakakamizidwe kuulula amene wamupatsa nkhani pokhapokha khoti litalamula mbali zonse zitamvedwa, ndiponso ngati palibe njira ina yopezera chimene akufunacho. Mu 2023 khoti la ku Johannesburg linachotsa chiletso chimene kampani ya Moti Group inatenga pofuna kuti atolankhani a amaBhungane abweze mapepala amene anawapeza. Zigamulo zakunja sizimanga makhoti athu, koma majaji amatha kuziganizira.

Apolisi akabwera, apempheni kuti akuonetseni waranti ya khoti, ndipo muwerenge zimene yawalola kutenga. Akakumangani, gawo 42 limakupatsani ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, ndi woonekera kukhoti pasanathe maola 48. Foni yanu musasungemo dzina lenileni la munthu uja, chifukwa ikalandidwa, kukana kwanu sikudzathandizanso.

Njira imene ndingakondwe mutaitsata sabata ino ndi iyi. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo silifunsa ngati ndinu mtolankhani. Lemberani khonsolo kalata yopempha mapepala a mlathowo: kontirakiti, ndalama zimene zinalipidwa ndi lipoti la oyendera ntchito. Akakupatsani, mudzakhala ndi umboni wochokera ku ofesi yeniyeniyo, umene mungauike pamaso pa jaji osatchula wina aliyense. Akakukanizani, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli.